Botolo Lofiirira la a Dresala

Anzanga a ku Malawi amene muli kuno ku Doha,

Ndikudziwa chimene ambirife timaopa. Timaopa kuti ukauza dokotala zoona zonse, zoonazo zilowa m'kompyuta, kuchoka m'kompyuta zikafika kwa bwana wako, ndipo sabata isanathe uli m'ndege ndi chikwama chimodzi. Inenso ndinkaopa zomwezo. Dzina langa ndine Zondiwe Namaona, kwathu ndi ku Mulanje, ndipo ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ku Al Aziziya. Zili m'munsizi ndinkalemba ndili m'chipatala mwezi wa Januwale. Sindinasinthepo kanthu, ngakhale pamene ndikuoneka wopusa.

Lamlungu, 14 Januwale

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi 7, pafupi ndi windo. Akuti ndi chibayo cha mbali ya kumanja, ndipo m'chifuwa mwadzaza madzi. Kutentha kwa thupi 39.4. Mpweya m'magazi 89, iwo akufuna 95, choncho andiika timapaipi m'mphuno. Mankhwala a dripu pakadutsa maola asanu ndi atatu aliwonse.

Dokotala ndi mayi wa ku Sudan, Dr Samira, wamfupi, wosataya nthawi. Wafunsa kuti ndatsokomola masiku angati. Ndati sabata imodzi. Ndi masabata atatu. Wafunsa ngati pali mankhwala amene ndakhala ndikumwa kunyumba. Ndati panado wa apo ndi apo. Wafunsa ngati ndimamwa mowa. Ndati ayi.

Funso lomalizali sindinaname. Ine sindimwa mowa. Ndimamwa mankhwala.

Lolemba, 15 Januwale

Aboola m'nthiti n'kulowetsa paipi. Madzi atuluka 600 ml, achikasu ngati tiyi wosapsa. Kupweteka kwake sindilemba, sindikufuna kukupatsa ulemu.

Ndilembe za botolo. Lili m'kabati ya pambali pa bedi, ndalikulunga m'sokosi. Ndi lofiirira, lagalasi lochindikala, lili ndi timizere toyezera m'mbali mwake. Linali la bambo anga, malemu a Wilson Namaona, amene anali dresala pa dispensale ya esiteti ya tiyi zaka makumi atatu. Achinyamata sadziwa mawu akuti dresala: anali munthu wotsuka mabala, wobaya jakisoni, wogawa mapiritsi kumene dokotala ankafika kamodzi pamwezi. Bambo anaphunzira kwa dokotala wina wokalamba wa ku Scotland kasakanizidwe aka: wisiki, uchi, mandimu ndi jinja, pa madzi otentha. Mwana supuni yaing'ono imodzi, wamkulu masupuni aakulu atatu. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndinadwala chibayo chomwechi, anandimwetsa, ndipo ndine pano.

Wisikiyo ndinagula mwalamulo, chiphaso chogulira mowa kuno ndili nacho. Ndimayeza ndi supuni, sindipapira. Chidakwa sichiyeza. Panado awiri ndimamwera pamodzi kuti zigwire msanga, imeneyo ndi nzeru yanga yowonjezera.

Lero supuni imodzi m'mawa, imodzi masana, imodzi madzulo, katani nditatseka.

Lachiwiri, 16 Januwale

Kutentha 38.6. Madzi 350 ml. Mpweya 92.

Mulungu ali ndi nthabwala: pa bedi 8 pali Mmalawi. Che Ajibu, a ku Mangochi, dalaivala wa banja lina ku Madinat Khalifa. Ali ndi shuga, ndipo chala cha kuphazi chinayamba kuwola. Anamva ndikutukwana paipi yanga m'Chichewa, anasegula katani osaodira.

“Yalla, tiyeni nazo aphunzitsi, tukwanani mokweza, manesi a ku Philippines awa samva.”

“Mwadziwa bwanji kuti ndine mphunzitsi?”

“Munthu wodwala chonchi n'kumakonzabe Chingerezi cha nesi? Ndinu ticha basi.”

Akazi awo, mayi Zainabu, amagwira ntchito m'nyumba yomweyo. Abwera ndi mpunga wa nazi ndi nsomba yokazinga. Che Ajibu saloledwa mpunga, ndiye wadyedwa ndi ine, iwo akuyang'ana ngati munthu woperekeza maliro.

Dr Samira akuti nambala ya chiwindi, imene amaitcha ALT, yakwera pang'ono: 170. Yoyenera ndi yosapitirira 40. Akuti aziyang'anira.

Lachitatu, 17 Januwale

Kutentha 37.8! Ndakhala tsonga, ndameta ndevu. Ndani wandichiza, dripu kapena a Namaona? Ine ndikuti onse awiri.

Popeza mphamvu ilipo, ndilembe phunziro, kuti wina akadzapeza botololi asadzanene kuti Zondiwe anali mbuli.

Dzina lakuti wisiki linachokera ku mawu a chiyankhulo chakale cha ku Scotland ndi Ireland otanthauza madzi a moyo. Oyamba kutcheza kumeneko sankafuna kuledzera. Ambiri anali ansembe a m'nyumba za mapemphero amene ankasamala odwala. Ndipo luso lenilenilo la kutcheza, mphika, paipi ndi nthunzi, monga amachitira amayi a kachasu kwathu, analinola ndi akatswiri a Chiarabu pofuna mankhwala ndi mafuta onunkhira. Choncho ndikagona pano n'kumaona nsanja za West Bay patali, ndimati botolo langali labwerera kwa amalume ake.

Mankhwala ogonetsa asanabwere, munthu wodulidwa mwendo ankamwetsedwa mowa waukali. Pa chimfine chachikulu cha 1918 madokotala ambiri ankapatsa odwala wisiki. Ku America, pamene boma linaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, dokotala ankaloledwabe kulembera wodwala wisiki pa chikalata, munthu n'kukatenga ku famase ngati mankhwala ena onse. Kodi madokotala onsewo anali zitsiru? Kodi bambo anga anali chitsiru? Ayi. Ndikana mpaka kumanda.

ALT 310.

Pali nesi wachimalawi, Sisita Jenny wa ku Ntcheu, amagwira masana. Posintha dripu anaima nthawi yaitali pafupi ndi ine kuposa mmene ntchitoyo imafunira.

“A Namaona, palibe china chimene mukumwa chomwe sitikuchidziwa?”

“Madzi ndi mpunga wa che Ajibu.”

“Mwatsimikiza? Ine sindine wapolisi ayi.”

“Sisita, ndine munthu wamkulu.”

“N'chifukwa chake ndikufunsa mwaulemu,” anatero, n'kuchoka.

Lachinayi, 18 Januwale

ALT 580. Ayeza magazi kufuna matenda a chiwindi opatsirana, sanapeze. Aunika pamimba, palibe chotupa.

Dr Samira akuganiza kuti mankhwala a dripu, omwe aja andigwetsera kutentha, ndi amene akuvulaza chiwindi. Wawaimitsa, waika ena. Akuti atsopanowa sagwira bwino kachilombo kanga ngati oyambawo, koma sangachitire mwina. Waletsanso kundipatsa panado.

Zilibe kanthu. Wanga ndili naye m'chikwama.

Ndinatsala pang'ono kuyankhula. Koma ndinaganiza za sukulu. Makolo a ana amene ndimaphunzitsa ndi anthu opemphera. Mphunzitsi wopezeka ndi wisiki m'chipatala, m'sokosi! Kontirakiti yanga ikuyenera kukonzedwanso mu Epulo. Masupuni atatu sangaphe chiwindi cha munthu wa makilo 82. Ndawerengera.

Lachisanu, 19 Januwale

Kutentha kwabwerera, 39.1. Kuzizidwa mpaka mano kuwombana. Panado awiri, pakadutsa maola atatu awiri ena, kenaka ena.

Masana, anthu atapita ku mzikiti ku mapemphero a Juma ndipo wodi ili zii, ndinatulutsa botolo. Ndinaiwala kutseka katani. Che Ajibu akhala akutsokomola masiku awiri chifukwa cha mphepo ya makina oziziritsa.

“Aphunzitsi, ka mankhwala ka chifuwa kameneko mukumwa nokha? Tandigawirani supuni imodzi.”

“Simungamwe. Muli uchi, inu muli ndi shuga.”

“Kadontho kokha, mafi mushkila, palibe vuto.”

“Ayi.”

“Ha! Mpunga wa mkazi wanga mwadya masiku anayi, lero supuni imodzi yavuta? Alomwe inu!”

Anatambasula dzanja, akuseka, ndipo anali atagwira kale khosi la botolo. Ndinalikoka mwamphamvu mpaka paipi ya m'nthiti inandibaya. Dokotala ndingamunamize, chiwindi ndi changa. Koma kumwetsa Msilamu wisiki iye osadziwa, munthu amene amapemphera atakhala pa bedi chifukwa phazi silimulola kugwada, zimenezo ayi.

“Che Ajibu, muli wisiki umu.”

Anabweza dzanja n'kulipukuta pa bulangeti. Anayang'ana botolo, n'kuyang'ana sokosi. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

“Astaghfirullah, Mulungu andikhululukire. Madokotala anayi akuzungulira ngati nkhuku zodulidwa mitu, kompyuta, makina, mayi dokotala uja sakudya, kani mdani ali m'sokosi!”

Ndinawafotokozera za ansembe aja, za 1918, za ku America. Anamvetsera bwino, sanandidule.

“Phunziro labwino,” anatero. “Nanga anthu a 1918 amenewo anachira?”

“Ena.”

“Enawo?”

Ndinayamba kupukuta supuni, iwo n'kupitiriza.

“Ine sindinena kwa munthu, wallah, ndikulumbira. Si nkhani yanga. Koma aphunzitsi, ine chala ichi ndinachibisa miyezi iwiri kuopa kuti mudir, bwana wanga, andi-cancel visa. Ndinkathira mafuta a buleki. Lolemba akudula. Visa ilipo, chala kulibe. Inu mwandipulumutsa ku supuni imodzi. Nanga inuyo akupulumutsani ndani?”

Ndinatseka katani. Ndinamwa supuni yanga. Ndilembe zoona: ndinamwa chifukwa cha makani.

Loweruka, 20 Januwale

ALT 940. Maso achita chikasu. Nseru. Kutentha 39.3.

Lolemba atenga kanyama ka chiwindi ndi singano kuti akapime. Andipatsa pepala loti ndisaine. Lili pa kabati, pamwamba pa botolo.

Madzulo amayi aimba kuchokera ku Mulanje, pa foni ya mlongo wanga Maliyamu. Ali ndi zaka 79 ndipo amakuwa pa foni ngati Doha ali kutsidya kwa mtsinje. Pofuna kuwalimbitsa mtima ndinati asadandaule, ndikumwa mankhwala a bambo.

“Mankhwala ati?”

“A m'botolo lofiirira. Omwe aja anandichiza chibayo ndili mwana.”

“Iwe Zondi, wapenga? Anakuchiza ndi botolo?”

“Ndikukumbuka bwinobwino, mayi. Supuni, uchi...”

“Ukukumbuka supuni chifukwa inali yotsekemera! Jakisoni sukumukumbuka? Bambo ako anakubaya penisilini masiku asanu ndi awiri, m'mawa ndi madzulo, ine nditakupanikiza miyendo. Unkalira mpaka alonda a esiteti ankabwera kudzaona. Supuniyo inali yokunyengerera kuti utembenuke. Ndiponso kwa ana ankangodontheza, kungoti kanunkhire. Munthu akabwera ndi chifuwa cha masiku atatu n'kunena kuti wakhala akumwa kachasu ndi uchi, bambo ako ankamukalipira mpaka panja. Iwe ndi masukulu ako onsewo!”

Ndilibe mphamvu yolemba zambiri. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuteteza theka la nkhani.

Lamlungu, 21 Januwale

M'mawa ndang'amba tsamba m'kope lino n'kulemba zonse, monga ndimauzira ana kuti mbiri imafuna masiku ndi manambala. Kutsokomola: masabata atatu, osati imodzi. Wisiki: kunyumba masupuni atatu katatu patsiku, masiku ena kupitirira, muno supuni imodzi katatu patsiku. Panado: kunyumba awiri pa maola anayi aliwonse, muno anayi kapena asanu ndi mmodzi patsiku pamwamba pa amene ankandipatsa, kuyambira Lachinayi khumi ndi awiri, dzulo khumi ndi anayi.

Nditaona manambalawo pa pepala, ndinawawerenganso kawiri. M'mutu ankaoneka ochepa.

Dr Samira atafika ndi gulu lake, ndinatulutsa botolo m'sokosi n'kuliika pa thebulo lodyera, pepala pambali pake. Sindinatseke katani. Ngati ndikuchita manyazi, ndichite kamodzi.

Anawerenga. Ananunkhiza botolo. Anauza Sisita Jenny mawu angapo mofulumira, Sisita n'kuthamanga. Kenaka anandiyang'ana.

“Bambo Namaona, masiku anayi ndakhala ndikuimba mlandu mankhwala osalakwa. Ndinakuchotserani amene ankakuchizani. Mukadachedwa masiku ena awiri, sindikudziwa ngati tikadakambirana.”

“Ndalakwa, dokotala. Koma mulembe bwino. Sindine chidakwa, ndipo bambo anga amene anandisiyira botololi sanali munthu wopusa.”

“Agogo anga ankawotcha odwala ndi chitsulo chamoto,” anatero. “Sanali opusa. Analibe dripu. Inu muli nayo.”

Wafotokoza, ndipo ndilembe kuti ena amve. Amene wavulaza chiwindi kwambiri ndi panado wochuluka. Chiwindi chikamaphwanya panado pamatsala kapoizoni, kamene chimatha kuchotsa ngati panadoyo ali wa muyezo. Koma munthu akakhala kuti wamwa mowa masabata angapo, sakudya bwino, n'kuwonjezanso mapiritsi, chiwindi chimagonja. Nzeru yanga yowonjezera ija ndiyo inali mpeni, wisiki ankangonola.

Singano ya Lolemba aimitsa. Pasanathe ola andiika dripu yochotsa poizoniyo.

Sisita Jenny anatenga botolo kuti akataye. Ndinagwira mkono wake.

“Zam'katizo tayani. Botolo libwere.”

“A Namaona, mukadali ndi makani?”

“Tayani ndikuona, mutsuke, mubweze. Ndi la bambo anga.”

Anathira m'sinki ya pakona. Fungo linadzaza wodi yonse. Mkulu wina wa ku Nepal pa bedi 3, amene sanayankhulepo chiyambire, anadzutsa mutu n'kufunsa m'Chingerezi ngati lero kuli phwando.

Lolemba, 22 Januwale

ALT 1,020. Akuti imayamba yakwera isanatsike. Kusanza kawiri. Abwezeretsa mankhwala oyamba aja a chibayo.

Che Ajibu apita ku fiyeta m'mawa, abwera masana opanda chala. Atatsitsimuka mawu awo oyamba: “Ticha akadalipo?”

Ndilipo. Sindichoka.

Lachiwiri, 23 Januwale

ALT 760. Kutentha 38.2.

Lachitatu, 24 Januwale

ALT 510. Kutentha 37.6. Madzi 40 ml okha. Ndadya phala lonse.

Abwera mayi wamkulu woyang'anira wodi. Sisita Jenny anayenera kulemba lipoti, ndipo anandiuziratu kuti alemba. Mayiyo wandiyankhula mphindi khumi ngati mwana wa Sitandade 5. Ndamvetsera, ndasaina kuti sindidzalowetsanso chilichonse chakumwa mobisa. Ndinaima nji pa chinthu chimodzi: pa lipotilo panalembedwa kuti botolo “linapezeka”. Ndati silinapezeke, ndinalitulutsa ndekha. Wakonza.

Popeza mutu wayera, nditsirize phunziro la sabata yatha, mbali imene ndinadumpha dala. Madokotala a 1918 ankapereka wisiki chifukwa m'manja mwawo munalibe china. Ankathandiza wodwala kugona ndi kuiwala ululu, koma kachilombo sankakakhudza. Kale ku America munthu akalumidwa ndi njoka ankamwetsedwa wisiki wambirimbiri, ndipo ena ankafa ndi mankhwalawo osati njoka. Penisilini atafika m'zaka za m'ma 1940, madokotala omwewo anaika botolo pansi n'kutenga jakisoni, osayang'ananso m'mbuyo. Sanachite manyazi ndi zakale, sanazikakamirenso. Bambo anga anali m'gulu limenelo. Amene anatsalira mu 1918 ndi mwana wawo wa digiri.

Ndawerengera che Ajibu ndimeyi. Akuti, “Khalas, basi, tsopano mwayamba kuphunzitsa. Poyamba paja munkangodziteteza.”

Lachinayi, 25 Januwale

Achotsa paipi ya m'nthiti. Mpweya 96 popanda timapaipi. ALT 330.

Ndafunsa Dr Samira funso limene landidya masiku onsewa. Kodi kusukulu adziwa?

“Kalata yopita kuntchito kwanu inena kuti munagonekedwa ndi chibayo, kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti. Zina zonse zili m'fayilo, ndipo fayilo ndi yothandizira amene akukuchizani.”

“Ndiye zalembedwa.”

“Zalembedwa. Kuti dokotala wina asadzakupatseni panado mwachisawawa. Mukufuna ndifufute?”

Ndinaganiza pang'ono. Ndati ayi, zikhale.

Malangizo: mowa ayi kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo iye angakonde mpaka kalekale. Panado ayi kufikira atanena yekha. Kuyezetsa magazi sabata iliyonse.

Loweruka, 27 Januwale

ALT 190. Ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde kawiri, ndikukankha che Ajibu pa njinga ya odwala. Iwo amalozera njira ngati tili pa msewu wa Salwa.

Mayi Zainabu atamva nkhani yonse kwa amuna awo, amene analumbira kuti sanena kwa munthu, anatenga botolo lopanda kanthu lija dzulo osandipempha. Lero alibweza lodzaza: uchi, mandimu, jinja, ndi timbewu takuda timene Aarabu amathira mu chilichonse. Sisita Jenny ananunkhiza kaye, n'kukafunsa dokotala, n'kubwera kudzati ndingamwe.

Ndamwa supuni imodzi pa madzi otentha. Sichichiza chibayo. Chimangofewetsa kukhosi ndi kukukumbutsa kuti pali anthu. Ndikuganiza kuti ntchito ya supuni ya bambo inali yomweyo.

Ndaimbira amayi kuwauza kuti ndikutuluka mawa. Akuti, “Jakisoni anakubaya?” Ndati oposa makumi anayi. Akuti, “Eya, tsopano wamwa mankhwala a bambo ako.”

Lamlungu, 28 Januwale

Ndatuluka. Makilo 75. Che Ajibu atsala masiku ena asanu, ndawalonjeza kubwera Lachisanu ndi nsomba yopanda mpunga.

Sindikudziwa za kontirakiti ya mu Epulo, ndipo sindingalonjeze munthu kuti nkhani yake idzatha ngati yanga. Ntchito zathu n'zosiyana, mabwana athu n'ngosiyana. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinabisa supuni kuti nditeteze ntchito, ndipo ndinatsala masiku awiri kuti ndibwerere ku Mulanje m'bokosi, ntchito ili bwinobwino.

Ambirife tili ndi kena kake m'sokosi. Wina muzu wochokera kumudzi, wina mapiritsi amene anapatsidwa ndi mnzake wa m'chipinda, wina mafuta a buleki. Sindikunena kuti muwanyoze amene anakupatsani. Botolo la a Namaona lili pa windo langa pano, ndipo silichoka. Ndikungopempha kanthu kakang'ono. Tsiku limene mudzapite kuchipatala, musananyamuke, ng'ambani pepala. Lembani zonse zimene mwamwa, zingati, kuyambira liti. Ngati pakamwa padzauma, pepalalo lidzayankhula. Tayesani kamodzi kokha. Ndipo ngati kulemba Chingerezi kukuvutani, ndiimbireni, ndidzabwera ndi cholembera.